Tchuthi chafika, nanga buku la mwana lili kuti?

Sukulu zikatsekera kumapeto kwa chaka cha maphunziro, mwana wa ku Mwanza sasowa chochita. Imeneyi ndi nyengo yomwe manachesi amakhala akupita kumapeto, ndipo m'mbali mwa msewu wa M6, wochokera ku Zalewa kupita kuchipata cholowera m'dziko la Mozambique, mumakhala milumilu ya zipatsozi. Basi ya ku Joni ikangoima, kapena mathiraki akandanda podikira mapepala a katundu, ana amathamangira komweko atasenza mabeseni ndi malichero. Ena amatumidwa kuchigayo, ena kudimba, ena kubusa, pomwe ena amangoswera m'tinyumba toonetsera mavidiyo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Palibe cholakwika kuti mwana athandize makolo ake patchuthi. Ndi mmene amaphunzirira ntchito, ndipo mabanja ambiri ndalama ya yunifolomu ndi makope amaipeza m'nyengo yomweyi. Chodandaulitsa n'chakuti mwa ana onsewa, ndi ochepa zedi amene atsegule buku n'kuwerenga ngakhale tsamba limodzi kufikira tsiku lomwe sukulu zidzatsegulirenso mu Seputembala. Masabata onsewo adutsa maso a mwana asanakumane ndi chilembo, kupatula zolembedwa pamathiraki ndi pazikwangwani za magolosale.

Kumaiko monga Britain ndi America tchuthi chachikulu chimagwa m'miyezi yomweyi, kungoti kwawoko kumakhala kukutentha. Nyuzipepala zakumeneko zimadzaza masamba ndi maina a mabuku atsopano oti ana awerenge, ndipo malaibulale amachititsa mipikisano yoona mwana amene wamaliza mabuku ambiri. Kholo la ku Thambani kapena ku Kunenekude litaona mndandanda wotere likhoza kungopukusa mutu, chifukwa funso lake loyamba n'lakuti mabukuwo akugulitsidwa kuti. M'masitolo ambiri a m'matauni ang'onoang'ono mumapezeka makope, zolembera, mabuku okonzekera mayeso, Baibulo ndi mabuku a nyimbo. Buku la nthano la mwana wa zaka 7 ndi losowa ngati mvula ya mu Ogasiti. Kuti munthu akasankhe bwino, nthawi zambiri ayenera kukwera minibasi ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kupita ku Blantyre kapena ku Limbe, ndipo ndalama yoyendera yokha imatha kuposa mtengo wa bukulo.

Wina akhoza kunena kuti iyi ndi nkhani ya anthu okhuta, yosayenera kutayira nthawi pomwe chimanga ndi feteleza zili pamtengo wosasimbika. Koma ziwerengero zikunena zina. Kafukufuku wa luso la kuwerenga yemwe adachitika m'sukulu za pulaimale mu 2010 adapeza kuti ana oposa 7 mwa 10 aliwonse a Sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi m'kankhani kachichewa, ndipo mu Sitandade 4 otero adalipo 4 mwa 10 aliwonse. Boma lidachitapo kanthu pokhazikitsa ndondomeko ya National Reading Programme mu 2016 mothandizidwa ndi bungwe la USAID. Aphunzitsi adaphunzitsidwa njira zatsopano ndipo mabuku adagawidwa m'sukulu. Komabe kafukufuku wa m'makomo yemwe ofesi ya National Statistical Office idachita pamodzi ndi UNICEF mu 2019 ndi 2020 adapeza kuti mwa ana 100 aliwonse a zaka za pakati pa 7 ndi 14, ndi 19 okha omwe ankatha kuwerenga kankhani kafupi n'kukamvetsa. Kafukufuku wa mtundu womwewu wa 2013 ndi 2014 adaonetsanso kuti mwa ana 100 osakwana zaka zisanu, ndi mmodzi yekha amene kwawo kudali mabuku a ana okwana atatu.

Ziwerengero ziwiri zomalizazi n'zapachibale. Kuwerenga kuli ngati kupalasa njinga: mphunzitsi akhoza kukuonetsa pogwira ndi poponda, koma ngati njingayo uingoiona kwa mphindi zochepa patsiku, uli pamzere ndi anzako 80 kapena 100, sudzafika poyenda nayo wekha. Chiyambireni maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, pomwe chiwerengero cha ana m'sukulu chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, makalasi akhala odzaza ndipo mphunzitsi sangathe kumvetsera mwana aliyense akuwerenga. Malo okhawo omwe mwana angawerenge mofatsa, kulakwitsa, kubwerera ndi kuyambiranso popanda womuseka ndi pakhonde pa kwawo. Ndipo nthawi yokhayo yomwe ali ndi mpata wokwanira ndi patchuthi ngati chino. Mphunzitsi aliyense wa Sitandade 2 kapena 3 amadziwa kuti sabata zoyamba za teremu yoyamba zimathera kukumbutsa ana zomwe adazidziwa kale mu Julayi koma zawathawa.

Tsono mabuku oti kholo liwafunefune ndi ati?

Loyamba ndi la William Kamkwamba, ndipo chifukwa chake n'chakuti nkhani ya m'bukumo ndi ya buku lomwe. Kamkwamba, wa m'mudzi mwa Masitala ku Wimbe m'boma la Kasungu, adasiyira sukulu ya sekondale panjira pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 makolo ake atalephera kumulipirira fizi. M'malo mongokhala, ankapita kukalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulaimale ya Wimbe. Kumeneko adabwereka buku lotchedwa Using Energy, lomwe pachikuto pake padali chithunzi cha makina opukusa magetsi ndi mphepo. Chingerezi chake chidali chopereweza, moti zambiri ankazitola pazithunzi. Ali ndi zaka 14 adasonkhanitsa zidutswa za njinga, chokupizira mphepo cha thirakitala, mapaipi ndi mitengo ya bulugama, n'kuimika makina omwe adayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake. Anthu omwe poyamba ankamuyesa wamisala ndi omwewo adayamba kubwera kudzatchajitsa mafoni. Pambuyo pake adakaphunzira mpaka ku Dartmouth College ku America komwe adamaliza mu 2014.

Mbiri yakeyi, The Boy Who Harnessed the Wind, adailemba pamodzi ndi Bryan Mealer ndipo idatuluka mu 2009. Chomwe makolo ambiri sadziwa n'chakuti bukuli lilipo pamisinkhu itatu. Pali la zithunzi la ana aang'ono lomwe lidatuluka mu 2012, lojambulidwa ndi Elizabeth Zunon. Pali lofupikitsidwa la mu 2015 loyenera ana a Sitandade 7 mpaka Fomu 2. Ndiye pali lalikulu lija la akuluakulu. Ambiri adaonera kanema wake wa mu 2019 yemwe adakonza Chiwetel Ejiofor, ndipo mwana amene adaonera kanemayo savutika kutsatira bukuli ngakhale Chingerezi chitamakakamira pena ndi pena. Mwana wa ku Mwanza akamawerenga za njala, za gaga, za kuthamangitsidwa fizi ndi za kutola zitsulo padzala, sakuwerenga za dziko lachilendo ayi.

Lina ndi Galimoto, lolembedwa ndi Karen Lynn Williams, mayi wa ku America yemwe adakhalapo m'dziko muno, ndipo zithunzi zake adajambula ndi Catherine Stock. Lidatuluka mu 1990. Limakamba za Kondi, mnyamata wa zaka 7, yemwe amayendayenda tsiku lonse kufunafuna mawaya oti apangire galimoto yake ngakhale mkulu wake akumuderera. Ndi lalifupi, Chingerezi chake n'chosavuta, ndipo mwana akalimaliza musadabwe mutapeza waya woyanikapo zovala wasowa. Kwa ana okulirapo palinso The Bird Boy's Song la malemu Steve Chimombo, lomwe lidatuluka mu 2002 ndipo maziko ake ndi nthano ya kwathu konkuno.

Vuto la mabuku atatuwa n'loonekeratu: adalembedwa m'Chingerezi. Mwana wa Sitandade 1 mpaka 4 afunika ayambe ndi chiyankhulo chomwe amalota nacho. Akadziwa kulumikiza maphatikizo ndi kumva tanthauzo m'Chichewa, luso lomwelo amalitenga popita ku Chingerezi. Kumupatsa buku lachingerezi asanakhwime n'kumuphunzitsa kutchula mawu ngati chinkhwe, osamva kanthu. Makolo ena amaona ngati buku lachichewa n'lotsika, loyenera ana a kumudzi okha. Awa ndi maganizo obwezeretsa mwana m'mbuyo.

Apa mpomwe bungwe la National Library Service, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967, liyenera kuyamikiridwa. Kwa zaka zambiri lidasindikiza timabuku ta ana totchedwa Werengani, tolembedwa ndi kujambulidwa ndi Amalawi, mothandizidwa ndi bungwe la CODE la ku Canada. Lidagwiranso ntchito ndi nthambi ya UNESCO m'dziko muno yoyenda m'maboma kujambula agogo akukamba nthano, kuti nthanozo zisapite nawo kumanda. Timabuku ta Werengani tidafika m'malaibulale ndi m'sukulu zambiri, ndipo kholo likafunsa kwa mphunzitsi wamkulu kapena ku TDC ya m'dera lake, mwina likhoza kupeza tingapo tili m'kabati.

Mawu akuti buku latsopano asasokoneze munthu. Kwa mwana, buku lililonse lomwe sadaliwerengepo ndi latsopano. Nthondo, lomwe Samuel Josiah Nthara adalemba n'kupata nalo mphoto mu 1933, likadali lokoma mpaka lero. Limatsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa, unyamata wake wovuta, ulendo wokafuna ntchito kunja, mpaka ufumu ndi imfa yake. Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, lokamba za anyamata awiri omwe adapita kutali kukasaka chuma, lili ndi zambiri zouza mwana wokulira m'boma lomwe tsiku lililonse mumadutsa mabasi opita ku Joni. Palinso mabuku a E.J. Chadza, Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba oyenera ana a sekondale. Tsoka lake n'lakuti ena mwa mabukuwa ana amakumana nawo koyamba ngati mabuku a mayeso, ndiye amawaloweza mokakamizika m'malo mosangalala nawo. Mwana wa Sitandade 8 atawerenga Nthondo patchuthi, popanda womufunsa mafunso, akhoza kulikonda moyo wake wonse. Makolo omwe adakulira pa Sosa komanso Timve ndi Tsala afufuze m'masutikesi ndi m'makatoni; m'nyumba zambiri muli mabuku omwe akudyedwa ndi chiswe pomwe ana akusowa chowerenga.

Mabuku enieni atsopano, ndiponso aulere, ali mufoni. Kuyambira mu 2014 bungwe la Saide la ku South Africa lakhala likusonkhanitsa nkhani za ana za zithunzi pansi pa dzina lakuti African Storybook, m'ziyankhulo zambiri za mu Africa kuphatikizapo Chichewa ndi Chinyanja. Aliyense ali ndi ufulu wozikopera, kuzisindikiza ngakhale kuzimasulira popanda kulipira. Zina zidamasuliridwa ku Zambia, choncho kalembedwe kake kamasiyana pang'ono ndi ka kuno, monga kulemba c pomwe Amalawi amalemba ch, koma mwana sachedwa kuzolowera. Nzeru yabwino si kumusiyira mwana foni, poti aliyense akudziwa komwe zala zake zikathere. Kholo likopere nkhani ziwiri kapena zitatu, lipite nazo pamalo osindikizira mapepala paboma, lisoke masambawo ndi ulusi n'kuwakutira ndi katoni. Limenelo ndi buku, ndipo mtengo wake sungafike pa ndalama yomwe bambo amasiya pamalo omwera tsiku limodzi Loweruka. Mabanja asanu oyandikana atasindikiza nkhani zosiyana n'kumasinthana, mwana aliyense awerenga mabuku khumi kapena kuposa tchuthi chisanathe.

Palinso mwayi wina womwe Mwanza ili nawo kuposa maboma ambiri. Ndi mabanja ochepa omwe alibe m'bale ku Joni, ndipo katundu wochokera kumeneko amalowera pachipata chomwechi: mabulangete, mafoni, mawailesi, nsapato, njinga. Ana akamaimbira foni malume awo amaitanitsa zovala ndi zoseweretsa. Bwanji makolo osawonjezapo buku pamndandandawo? Ku South Africa mabuku a ana, atsopano ndi akaunjika omwe, ndi osavuta kupeza, ndipo kuli mabungwe monga Book Dash, lomwe lidayamba mu 2014 ndi cholinga chakuti mwana aliyense akhale ndi mabuku 100 akeake pofika zaka zisanu. Kuno atatu okha akuvuta. Mabuku awiri salemera kuposa nsapato imodzi m'chikwama. Chimodzimodzi amayi ndi abambo a geni omwe amapita ku Limbe kukapikula katundu: m'misewu ya mumzinda mumakhala ogulitsa mabuku akale, ndipo masitolo monga a CLAIM alipo.

Posankha buku, kholo lisatengeke ndi kukula kwake kapena kuwala kwa chikuto, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Njira yapafupi ndi kumupatsa mwana tsamba limodzi kuti awerenge mokweza. Akakakamira pa mawu oposa asanu, bukulo lamukulira, lisungidwe kufikira chaka chamawa. Buku lophweka silichititsa manyazi. Ndi lomwe limapatsa mwana liwiro ndi chilakolako chofuna lina. Ndipo mwana akafuna kubwereza buku lomwelo kakhumi, asaletsedwe.

Kholo losadziwa kuwerenga lisadzione ngati lilibe gawo. Ntchito yake ndi kukhala pansi n'kumvetsera. Mwana akamawerengera amayi ake kapena agogo ake madzulo, iwo n'kumafunsa kuti kenaka kalulu adatani, amalimbikira kuposa mmene amachitira m'kalasi. Agogo nawo akambe nthano zawo, mdzukulu azilemba m'kope lotsala la chaka chathachi ndi kujambulamo zithunzi. Pakutha pa tchuthi banjalo lidzakhala ndi buku lomwe silipezeka m'sitolo iliyonse. Chofunika kusamala ndi mwana wamkazi. M'makomo ambiri tchuthi cha mtsikana chimathera pamtondo, pamjigo ndi kulera ang'ono ake, pomwe mlongo wake ali kumpira. Ngati pakhomo pali theka la ola loti ana awerenge, likhale la onse, ndipo mbale zidikire.

Koma katundu yenseyu sangasenzedwe ndi makolo okha. Makampani osindikiza mabuku m'dziko muno, kaya ndi Dzuka, CLAIM, Montfort ndi ena, amadalira kwambiri mabuku a silabasi chifukwa ndiwo ali ndi msika wodalirika. Dandaulo lawo lakuti Amalawi sagula mabuku a nthano lili ndi mbali yoona. Komabe munthu sagula chomwe sadachione. Mabuku a ana atamafika pamsika wa Mwanza monga zimafikira mbale za pulasitiki ndi zitenje, ali aang'ono, otsika mtengo ndiponso a m'Chichewa, nkhani ikhoza kusintha. Ndipo msika wa buku lachichewa suthera pachipata. Kungodutsa malire kufika ku Zobue ndi madera ena a chigawo cha Tete, anthu amayankhula chiyankhulo chomwechi. N'chimodzimodzi ku Niassa, ku Chipata ndi ku Lusaka. Mathiraki odutsa pa Mwanza amanyamula chilichonse, kuyambira feteleza mpaka mafuta, koma katoni ya mabuku a ana ndi yosowa.

Boma nalo lisaiwale phunziro la mu 2025, pomwe dziko la America lidatseka bungwe la USAID lomwe lidathandiza kwambiri ntchito yophunzitsa ana kuwerenga m'dziko muno. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Thandizo la kunja limabwera ndi kupita. Matabuleti omwe adayamba kugawidwa m'sukulu za pulaimale mu 2023 pansi pa ndondomeko ya BEFIT ndi chinthu chabwino, koma amatsala kusukulu, ndipo patchuthi amakhala otsekeredwa pamodzi ndi mabuku. Khonsolo ya Mwanza, aphungu ndi makhansala, omwe amakambirana za milatho ndi mijigo, akambiranenso za malo owerengera m'madera a mafumu Kanduku, Nthache ndi Govati. Boma la anthu oposa 130,000, malinga ndi kalembera wa 2018, silingadalire shelefu imodzi kapena ziwiri. Mipingo ndi mizikiti, yomwe ili ndi nyumba zongokhala pakati pa sabata komanso achinyamata ophunzira, ikhoza kuyambapo osadikira bajeti ya boma.

Chomwe chingachitike sabata ino, popanda ndalama ina iliyonse, chili m'manja mwa aphunzitsi aakulu ndi makomiti a sukulu. M'sukulu zambiri muli mabuku owonjezera omwe adabwera ndi mabungwe osiyanasiyana, ndipo ena akadali m'makatoni momwe adafikira. Aphunzitsi amaopa kubwereketsa poti buku likasowa kapena kung'ambika, funso limagwera iwo. Manthawo ndi omveka, ndipo alangizi a maphunziro ayenera kuwamasula aphunzitsi powauza poyera kuti buku lothaitha chifukwa chowerengedwa si mlandu. Kamkwamba uja akadapeza kalaibulale ka pa Wimbe kali kokhoma, bwenzi lero dzina lake likudziwika m'mudzi mwa Masitala mokha.

Komiti ya sukulu igwirizane ndi mphunzitsi mmodzi wokhala pafupi, kapena wophunzira wa Fomu 4 yemwe wangomaliza mayeso, kuti azitsegula kalasi imodzi m'mawa kawiri pasabata, mwina Lachiwiri ndi Lachisanu. Pakhale kope lolembamo dzina la mwana, mudzi wake, buku lomwe watenga ndi tsiku lobweza, ndipo nyakwawa ilengeze masikuwo pamsonkhano wa m'mudzi kuti makolo asawatume ana kumsika pa maola amenewo.